Kachanzi ka Nangondo

Amene munakwerapo phiri la Chitungwi, kuseri kwa Dedza uko, m'mwezi wa Juni, mukuidziwa nkhungu yake. Imatsika mwakachetechete ngati munthu wodzazonda matenda, n'kukhala pansi, osafuna kutsanzika. Umatha kumva ng'ombe ikubudula udzu pambali pako koma osaiona. Nkhaniyi inachitika m'nkhungu imeneyo, chaka chimene chisanu chinapsereza kachewere m'madimba onse a kumunsi.

M'ming'alu ya miyala ya phirilo mumamera kachitsamba kakafupi, kosapitirira m'kakolo, ka timasamba tonga makutu a mbewa ndi timaluwa tofiirira. Anthu a kumeneko amangokatcha kachanzi, poti kamanunkhira ngati chanzi chija timathamangitsira udzudzu. Ambiri amayesa n'kamodzi. Koma mayi wina, Nangondo, ankati kalipo mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse anaupatsa dzina. Kapumitsa n'ka chifuwa chobanika. Kagoneka n'ka m'mimba mopota ndiponso munthu wosowa tulo. Kachitatu, katsuka, ankapatsa azamba kuti amwetse mayi wongochira kumene, m'mimba muyere. Koma woyembekezera akamwa, ankatero Nangondo, chimene wanyamula chimatsika dzuwa lisanalowe. Pamaso mitundu yonseyi inali chimodzimodzi. Nangondo ankaisiyanitsa ndi mphuno.

Mwamuna wake anali Gelevazio Nkhoma, mtchona wa ku Bulawayo. Anakhalako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri akugwira ntchito m'fakitale yofufuta zikopa, n'kumabwera kumudzi Khirisimasi ina, ina ayi. Atabwereratu anakhala ndi mkazi wake zaka zinayi zokha, koma zinali zaka zokoma. Loweruka lililonse m'mawa ankakwera phiri awiriwiri, mkazi patsogolo, mwamuna pambuyo atanyamula nsengwa ngati mkamwini wa dzulodzulo. Nangondo ankathyola kanthambi, n'kukatikita m'manja, n'kumuika pamphuno.

"Mwamva, a Nkhoma? Aka ndiye kapumitsa."

"Ndamva."

"Nanga aka?"

"Aka kasiyanako."

"Eya. Katsuka ameneyo. Musadzaiwale."

Linali bodza. Gelevazio sankamva kanthu. Mankhwala a m'fakitale muja anamupha mphuno kalekale, moti kwa iye duwa ndi chikopa chowola zinali zofanana. Koma anachita manyazi kuuza mkazi amene anamudikira zaka zonsezo kuti wabwerako wopunguka. Choncho anangoloweza malo: ka pansi pa mwala wong'ambika n'kapumitsa, ka kumtsetse wa kum'mawa n'kagoneka, ka pafupi ndi kasupe n'katsuka.

Nangondo atamwalira, abale ake anamusudzula Gelevazio mwaulemu monga mwa mwambo, ndipo iye anabwerera kwawo, tsidya lina la phiri lomwelo. Mlongo wake anali atatsogola kale, koma mwana wa mlongoyo, Sisiliya, ndi mwamuna wake Damiyano anamumangira kanyumba pambali pa yawo. Moyo unali wabwino ndithu. Anali ndi kadimba ka anyezi, kawailesi kake, ndi galu wachikasu wotchedwa Sajeni. Anthu ankabwera kudzapempha mankhwala a chifuwa, akumati nzeru za Nangondo zinatsala ndi mwamuna wake. Mawu amenewo ankamukomera. Ndipo anthu ankachiradi, chifukwa malo aja sanawaiwale.

Kenaka osaka mbewa anatentha phiri. Moto unayaka masiku atatu, mvula yoyamba n'kukokolola phulusa, dothi ndi njere, n'kuzimwaza paliponse. Kasupe uja anauma, n'kukatulukira kwina. Kachanzi kanameranso, kambiri kuposa kale, koma kosakanikirana ngati anthu pamsika.

Juni wotsatira, Sisiliya ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, anagwidwa chifuwa. Mimba ziwiri zoyamba zinali zitapita padera, ndiye pakhomopo aliyense ankayenda monyang'ama. Ku sikelo anamupatsa mapiritsi, thupi linasiya kutentha, koma kutsokomola sikunathe. Akayamba, ankagwira mimba ndi manja awiri ngati wanyamula mtsuko wodzaza pamsewu wa miyala.

"Amalume," anatero m'mawa wina, mawu ali osasa, "anthu a kutali mumawachiritsa. Ine wa pakhomo mukundisungira chiyani?"

"Nanga si umamwa za kuchipatala, Nambewe?"

"Zinatha dzana. Kandithyolereniko kapumitsa ka azakhali kaja. Chifuwachi chindigwetsera mwana."

Damiyano, amene ankanola khasu pakhonde, anaseka. "Pitani, madala. Kapena mukufuna nafenso tibwere ndi nkhuku?"

Apa mpamene Gelevazio akanaulula. Koma anangotenga nsengwa ndi chijasi chake cha ku Bulawayo, n'kuuyamba wa kuphiri.

Kuthyola mankhwala kuli ndi malamulo ake, ndipo Nangondo anamuphunzitsa awiri. Loyamba, chitsamba umachitchula dzina n'kuchiuza amene ukumuthyolera. Lachiwiri, wothyola mankhwala sapereka moni, sayankha moni, ndipo sacheuka mpaka atafika pakhomo. Gelevazio anagwada pansi pa mwala wong'ambika uja. Kachanzi kanali mbwee, kobiriwira bwino. Anadziuza kuti mizu yakale iyenera kuti inapulumuka moto.

"Iwe kapumitsa," anatero, "ndakuthyolera Sisiliya Nambewe."

Tsiku limenelo dzuwa silinatuluke, ndiye anamanga kamtoloko ndi luzi n'kukapachika kutsindwi la khitchini kuti kafote ndi utsi. M'mawa mwake kunalibe. Chitseko chinali chotseka monga anachisiyira. Luzi lokha linali pa phaso, mfundo itamasulidwa bwinobwino, luzilo litakulungidwa kamkombero kakang'ono, mmene munthu amakulungira pa zala ziwiri.

"Mbuzi zimenezo," anatero Damiyano.

"Mbuzi ya kwanu imamasula mfundo?" anafunsa Sisiliya, n'kuyambanso kutsokomola.

Gelevazio anatola luzilo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa munthu mmodzi yekha wokulunga luzi motero. Analiponya m'thumba la jasi, n'kukweranso phiri.

Nkhungu ya tsikulo inali yoti ukatambasula dzanja zala zimaoneka ngati za wina. Atayandikira mwala uja anaona kuti wina wamutsogolera. Anali mayi, atanjuta chapatali pang'ono, atam'fulatira, chitenje atafunda kumutu. Gelevazio sanadabwe. Amayi ambiri amathyola mankhwala m'mawa, ndipo wothyola mankhwala sapatsidwa moni. Anagwada pamalo pake, n'kutchula dzina, n'kuthyola. Chimene anachiona pambuyo pake n'chakuti mayiyo sankathyola kanthu. Manja ake sankayenda. Ndipo m'udzu wa mame, momwe mapazi a Gelevazio anasiya kanjira kakuda, munalibe kanjira kena kopita pamene mayiyo anali.

Anavundikira nsengwa ndi kansalu, n'kuiika paphewa, n'kuyamba kutsika.

Pambuyo pake panabwera mapazi. Sanali a nsapato, anali mapazi chabe, opepuka, oponda mwala uliwonse umene iye wangochokapo. Akaima, nawo ankaima. Pa kamtsinje ka pakati pa njira anamva kupuma pafupi ndi khutu lake, kenaka kununkhiza, fwe, fwe, kawiri, pansengwa penipeni. Khosi lake linkafuna kutembenuka lokha, koma analigwira ndi mano. Anayenda, osathamanga, akuwerenga mitengo ya m'mbali mwa njira mpaka anaona denga la khola.

Pakhomo Sajeni anatuluka akugwedeza mchira, n'kumudutsa mbuye wake ngati sakumudziwa, n'kukagona chagada panjira yopanda munthu, miyendo m'mwamba, monga amachitira galu akamakandidwa pamimba.

Gelevazio anavundukula nsengwa. Kansalu kanali konyowa. M'kati munalibe ngakhale tsamba limodzi.

Damiyano sanasekenso. Anamukokera kuseri kwa nkhokwe, n'kumalankhula motsitsa mawu.

"Madala, mundikhululukire, koma ndinene. Pali amene sakufuna kuti mkazi wanga achire. Mayi aja, akazi anu, anaika m'manda ana angati?"

"Atatu. Onse asanayambe kukwawa."

"Nanga munthu wotero, kumene aliko, akaona mnzake ali pafupi kufukata, mtima wake umakhala bwanji?"

"Akamwini, samalani pakamwa."

"Ndikusamala mimba, madala. Pakamwa ndidzasamala mwana akabadwa."

Madzulo a tsikulo Gelevazio sanatsegule wailesi. Ankangomva Sisiliya akutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo chifuwa chilichonse chinkamulasa iye. Zimene ananena Damiyano anazikana, komabe zinakhala naye. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndi zambiri. Mkazi amene anaika ana atatu yekha, mwamuna ali kunja, ndani angalumbire kuti akudziwa zonse za mumtima mwake?

Tsiku lachitatu anakwera kusanayere bwino. Pamwala wong'ambika panalibe munthu. Koma pathanthwe la pambali pake panali timitolo tiwiri togonekedwa pamodzi, kena kofota ndi utsi, kena kakuwisi, ndipo pamwamba pake panali nthambi ya minga.

Nangondo ankatero ndi chilichonse chimene ana a anthu sayenera kukhudza: mankhwala a makoswe, mbewu zopaka, lumo. Ankaika munga pamwamba. Gelevazio anakhala pansi pa udzu wonyowa, n'kuvula chipewa. Kawiri konse anali atatsika phiri atanyamula katsuka, akukatcha kapumitsa, akukauza dzina la mwana wa mlongo wake.

"Nangondo," anatero. "Ine sindinamvepo kanthu. Masiku onse aja munkandiika masamba pamphuno, ndinkangovomera. Mphuno zanga zinafera ku Bulawayo."

Kunali zii. Ngakhale mbalame sinalire. Kenaka kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, kunamveka kakuseka kakang'ono ka m'mphuno, ndi mawu otsika ngati a munthu wofunda chitenje mpaka pakamwa.

"Ndinkadziwa."

Gelevazio anayamba kutembenuka.

"Musacheuke, a Nkhoma. Kulibe choti muone."

Anakhazikika, maso ali pamwala. "Munkadziwa bwanji?"

"Tsiku lija ndinapsereza nyemba, nkhuku zomwe zinathawa pakhomo. Inu n'kulowa mukuti kwanunkhira bwino."

Mkuluyo anaseka, misozi ili chuchuchu. "Nanga osanena bwanji?"

"Ndinkadikira munene nokha. Kudikira ndinakuzolowera."

Mawu aja anapitiriza.

"Tsinzinani."

Anatsinzina. China chake chinamugwira pamkono, chozizira ndi chonyowa ngati tsamba la m'mawa, koma chogwira mmene ankagwirira munthu wamoyo, chala chachikulu pamtsempha. Chinatsogolera dzanja lake pansi, n'kulithyoletsa kanthambi, n'kulikweza kukamwa.

"Khudzitsani pamlomo wa m'munsi. Mwamva ubweya?"

"Ndamva." Anaima kaye. "Ulendo uno ndamvadi."

"Lumani pang'ono."

Kunsonga ya lilime kunaluma ngati nyerere.

"Lavulani. Ameneyo ndiye katsuka."

Dzanja lija linamukokera kumanzere, iye akukwawa ndi maondo ngati mwana, mpaka pa mng'alu wina. Tsamba la apo linali losalala pamlomo, ndipo atalitafuna linatelera ngati therere, n'kusiya kakutsekemera kutali. Ameneyo anali kagoneka. Lachitatu analipeza kuseri kwa thanthwe, kumene sanathyoleko n'kale lonse. Linali losalala nalonso, koma atangoliluma m'kamwa monse munazizira ngati wamwa madzi a mumtsuko, ndipo mpweya unatsika wokha mpaka pansi pa nthiti.

"Katchuleni."

"Iwe kapumitsa," anatero Gelevazio, "ndakuthyolera Sisiliya Nambewe, ndi amene wamunyamula."

Anathyola modzaza manja awiri. Dzanja lozizira lija linali litamusiya, koma ankamva kuti mwini wake sanachoke.

"Kumeneko kukuzizira, Nangondo?"

Ananyamula nsengwa yake. Potsika sanamve mapazi, ndipo nsengwa inafika pakhomo ili yolemera monga inanyamukira. Nkhungu inayamba kung'ambika, dzuwa linatuluka. Anayanika masamba aja palichero, n'kukhala pambali pake mpaka anafota, kenaka anawawiritsa m'kamphika kadothi. Atathira m'kapu, anaitana Sisiliya ndi Damiyano n'kuwauza zonse, kuyambira ku fakitale mpaka pa nthambi ya minga.

Damiyano anaimirira. "Ndiye mukuti mkazi wanga amwe zimene wakusonyezani munthu wa kumanda? Inu muli chitsinzinire?"

"Ndiyamba ndine," anatero Gelevazio, n'kumwa theka la kapu.

Sisiliya anaphulika kuseka mpaka chifuwa chinamugwira. "Amalume, nanunso muli ndi pakati? Miyezi ingati?"

"Sisiliya, izi si zoseka," anatero mwamuna wake.

"Ndikudziwa, bambo." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Koma taganizani. Akanakhala kuti azakhali akundifunira zoipa, akanavutikiranji? Akanangosiya zoyamba zija kutsindwi, ine n'kumwa, basi. Amalume anga omwe akanawagwirira ntchito."

Gelevazio anawerama.

"Bweretsani kapuyo," anatero Sisiliya.

Anamwa pang'onopang'ono mpaka kugugudiza. Kenaka onse atatu anakhala pakhonde, padzuwa. Damiyano ankangoyang'ana mapazi a mkazi wake. Gelevazio ankayang'ana mthunzi wa nkhokwe ukukwawa pabwalo, akukumbukira mawu aja, dzuwa lisanalowe. Mthunzi unafika pa mtondo. Unadutsa. Unafika pa khola.

"Mayo!" anakuwa Sisiliya, atagwira mimba.

Amuna awiri aja anadzambatuka nthawi imodzi, Damiyano n'kugunda mutu pa nsanamira. Sisiliya anamugwira dzanja n'kuliika pambali pa mchombo.

"Tamvani mmene akupondera! Ngati wa gule."

Dzuwa linalowa, mimba ili m'malo mwake. Patatha masiku atatu chifuwa chinafewa, patatha sabata Sisiliya ankakalipira nkhuku ndi mawu ake onse. Damiyano anayenda ndi chotupa pamphumi kwa masiku angapo, ndipo aliyense womufunsa ankamuuza kuti anamenyedwa ndi apongozi.

Mwana anabadwa mu Sepitembala, wamkazi, wa tsitsi lambiri. Itagwa mvula, Sisiliya anati akufuna kuphunzira mitundu itatu ija iye mwini, mphuno zake zikadali zamoyo. Anakwera phiri ndi amalume ake m'mawa wina wa nkhungu yopyapyala, mwana ali kumsana. Pamwamba anayala chitenje pathanthwe louma, n'kumugoneka, iwo n'kunjuta chapafupi. Gelevazio ankaluma tsamba n'kutchula dzina, Sisiliya n'kulitikita n'kununkhiza.

"Kapumitsa akununkhira ngati khoko la ndimu, amalume. Kagoneka ngati dothi la mvula yoyamba. Koma katsukayu, iii, ngati ndalama yachitsulo yomwe yakhala m'manja a thukuta."

"Ndiye wanditsegula mphuno ndi pakamwa pako," anatero mkuluyo mokondwa.

Ali mkati moseka, kumbuyo kwawo kunamveka kulira kwa lilime, nkha, nkha, nkha, mmene amachitira munthu wamkulu posewera ndi khanda. Kenaka mwana uja anaseka. Sanali atasekapo chibadwire. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kobwerezabwereza.

Sisiliya anauma. Tsamba linagwa m'manja mwake. Pathanthwe paja nkhungu inali itaunjikana malo amodzi, yokhuthala, kutalika kwake ngati munthu wogwada, ndipo mwa mwanayo munkangooneka timapazi tikupalasa m'mwamba.

"Amalume," ananong'ona.

Gelevazio anayang'ana Sisiliya. Mtima wake unali pawiri, ndipo ankadziwa kuti mawu a pamenepa si ake.

Sisiliya anagwada bwinobwino, maondo onse pansi, n'kuwomba m'manja katatu.

"Azakhali, zikomo. Ndi wanu yemwe ameneyo. Mufukateni pang'ono." Anaweramitsa mutu. "Koma titsika naye."

Kulira kwa lilime kuja kunasiya. Mwana anasiya kuseka. Panapita nthawi yoti munthu akhoza kunena Atate Athu mpaka kumapeto, ndipo Gelevazio anainenadi chamumtima. Kenaka kamphepo kanadutsa, nkhungu ija inaphwasuka, n'kutsetsereka kunsi kwa thanthwe.

Mwana anali pomwepo, akuyamwa chibakera chake. Koma chitenje chimene mayi ake anangochiyala chinali chitamukulunga mpaka m'khosi, nsonga zake zitapisidwa bwinobwino kunsi, kuti asazizidwe.

Anatsika naye.